Anthu obisala m'mayina a zomera: Alfred Lau, kakitasi wa ku Mexico ndi mitengo ya kwathu

Mukamati "malaina", mtengo uja timadzala m'mbali mwa misewu ndi pamasukulu, umene zipatso zake zachikasu mbuzi zimatola pansi, mumakhala mukutchula dzina la munthu. Munthuyo ndi Johann Georg Gmelin, Mjeremani amene anayenda zaka khumi m'dziko lozizira la Siberia akutola zomera, n'kumwalira mu 1755. Kuno sanafikeko, ndipo mtengowo kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, ndiye anautcha Gmelina pofuna kumulemekeza, ndipo dzinalo litagwera pakamwa pathu linasanduka malaina.

Nkhani ya mayina otere inabuka mwamphamvu mu Julaye 2024, pamene akatswiri a zomera a dziko lonse anakumana ku Madrid, ku Spain, n'kuvota kuti mayina oposa 200 asinthidwe. Ambiri amene anamva nkhaniyi anatsala ndi mafunso: kodi amatcha zomera mayina ndani? Amatsata lamulo lanji? Nanga dzina la munthu limalowamo bwanji, ndipo likalowa lingachotsedwe? Mafunsowa amayankhika bwino tikagwira munthu mmodzi n'kumulondola. Ine ndasankha malemu Alfred Lau, amene dzina lake lili pa timapepala ta m'miphika ya maluwa kuyambira ku Japan mpaka ku Britain, ngakhale ambiri owerenga timapepalato sadziwa kuti anali ndani.

Mmishonale wokwera maphompho

Lau anabadwa mu 1928 ku Solingen, mzinda wa ku Germany wotchuka ndi mipeni ndi malumo. Anaphunzira za Mulungu, ndipo mu 1957 anapita ku Mexico ngati mmishonale. Anakhazikika ku Fortín de las Flores, m'chigawo cha Veracruz, kumene anatsegula nyumba yolereramo ana ochokera m'midzi ya eni nthaka, ija ya kumapiri kumene sukulu zinali kutali, n'kumawaphunzitsa. Ndalama zina zoyendetsera nyumbayo zinkachokera ku njere za zomera zimene ankatola m'maulendo ake, ndipo m'maulendo ambiri ankatsagana ndi anyamata amene ankawalerawo. Anayendanso ku South America, m'maiko monga Peru, Bolivia ndi Chile.

Diso lake linali lakuthwa. Mu 1972, m'mapiri a kumpoto chakumadzulo kwa Mexico, anapeza kachomera kafulati kamaluwa ofiira ngati nyenyezi kamene kanatchedwa Tacitus bellus. Mu 1977 anapezanso Mammillaria carmenae ku Tamaulipas, kakitasi kamene kanalembedwa m'mabuku mu 1953 koma kenako kanasowa, anthu n'kumangokawerenga osakaona. Koma chomera chimene chinamutchukitsa koposa ndi chimene anachipeza pamatanthwe a chigwa chotentha cha ku Oaxaca, chotchedwa Echeveria laui. Amene munachionapo kwa ogulitsa maluwa simungachiiwale. Masamba ake ndi onenepa, osanjikizana mozungulira, ndipo onse ndi okutidwa ndi ufa woyera wonkera ku buluu ndi pinki, ngati mwana wopakidwa phulusa. Mukangokhudza ndi chala, chidindo cha chalacho chimatsala pomwepo ndipo ufawo subwereranso patsambalo. N'chifukwa chake ochidziwa amathirira pansi, osati pamasamba.

Lau anamwalira mu 2007. Anasiya dzina pa zomera zingapo: Mammillaria laui, Turbinicarpus laui ndi Echinocereus laui za ku Mexico, komanso Copiapoa laui, kakitasi kakang'ono ngati nsawawa ka m'chipululu cha Atacama ku Chile. Kachilembo ka "i" kali kumapeto kwa dzina lakeko ndi kamene kali ndi nkhani yonse, ndipo tikafikako.

Kakitasi n'chiyani kwenikweni?

Pano timasokoneza kawirikawiri. Chomera chilichonse chonenepa, chopanda masamba, chaminga, timangoti kakitasi. Koma nkhadze wathu wa kumpanda, ndi mitengo ikuluikulu ija yokhala ngati zoikapo makandulo imene timaiona m'malo ouma, si kakitasi ayi. Thyolani kanthambi: mukaona utomoni woyera ngati mkaka, uja woopsa ukagwera m'diso, ndiye kuti ndi wa gulu la Euphorbia, dzina lochokera kwa Euphorbus, sing'anga wa Mfumu Juba II ya kumpoto kwa Africa zaka 2,000 zapitazo. Kakitasi weniweni amadziwika ndi timapilo taubweya pakhungu pake, ndipo minga ndi maluwa zimatulukira pa timapilo timeneti. Mingayo ndi masamba amene anasanduka. Timabowo topumira ta pakhungu pake timatseguka usiku kukazizira, n'kutsekeka masana, kuti madzi asathawe.

Mitundu ya kakitasi ilipo pafupifupi 1,500, ndipo kwawo ndi ku America. Dziko limene lili ndi yambiri ndi Mexico. Umodzi wokha, Rhipsalis baccifera, wolendewera m'mitengo ngati zingwe, ndi umene umapezeka mwachilengedwe ku Africa kuno, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Kakitasi wamasamba afulati ndi zipatso zaminga uja timamuona m'midzi ina anachita kubwera ndi anthu. Echeveria naye si kakitasi, ngakhale amakhala pashelefu imodzi, poti osonkhanitsa zomera zosunga madzi amakonda zonse pamodzi.

Mfunda poyamba, dzina pambuyo

Mlambe timautcha mlambe; Mswahili amati mbuyu, Mshona amati muuyu, Mzungu amati baobab. Onse akulondola, koma akakhala pamodzi sangamvane msanga. Dzina la sayansi linabwera kuti pakhale limodzi lomwe aliyense angalozere. Kale dzinalo linkakhala chiganizo chathunthu cha Chilatini chofotokoza masamba, maluwa ndi mizu. Linnaeus anafupikitsa kukhala mawu awiri m'buku lake la Species Plantarum, ndipo akatswiri anagwirizana kuti tsiku la 1 Meyi 1753 likhale poyambira kuwerenga. Dzina lililonse la chomera chamaluwa lolembedwa tsikuli lisanafike siliwerengedwa.

Mawu awiriwa ali ngati kaundula wa kusukulu, kumene amayamba ndi mfunda: Phiri, kenako dzina lako. Liwu loyamba, limene akatswiri amati genus, ndi mfunda wa chomeracho, ndipo limayamba ndi chilembo chachikulu. Lachiwiri ndi la mtunduwo pawokha, ndipo limayamba ndi chilembo chaching'ono ngakhale likhale la munthu wamkulu bwanji. Mlambe ndi Adansonia digitata: mfunda wachokera kwa Michel Adanson, Mfalansa amene anauona ku Senegal cha m'ma 1750, pamene digitata akutanthauza masamba otambasuka ngati zala. Fodya amene amadyetsa mabanja ambiri kuno ndi Nicotiana tabacum, kuchokera kwa Jean Nicot, kazembe wa France ku Portugal amene anatumiza fodya kwawo cha m'ma 1560.

Tsono onani Echeveria laui. Mfunda wake ukukumbukira Atanasio Echeverría, wojambula zithunzi za zomera wa ku Mexico wa zaka za m'ma 1700. M'mawu awiri okha muli anthu awiri amene sanaonanepo. Ndipo dzinalo likalembedwa lonse m'mabuku a akatswiri, kutsogolo kwake kumabwera enanso awiri, Moran ndi Meyrán. Amenewa ndi Reid Moran wa ku United States ndi Jorge Meyrán wa ku Mexico, omwe anachifotokoza mu 1976. Iwo si olemekezedwa, ndi osayinira. Mukaona "L." yekha patsogolo pa dzina, ameneyo ndi Linnaeus.

Mchira wa dzina umaulula mwini

M'Chilatini, "cha uje" amasonyeza ndi mchira wa liwu, monga ife timayikira "cha" kapena "wa" kutsogolo. Laui ndiye kuti "cha Lau". Dzina la mwamuna likathera ndi lembo la liwu limalandira "i" mmodzi: laui, whytei. Likathera ndi lembo lopanda liwu limalandira awiri: buchananii, grusonii. Othera ndi "er" amapatsidwa mmodzi, n'chifukwa chake timati ritteri. La mkazi limathera ndi "ae", monga carmenae uja, amene Marcelino Castañeda anatchulira mkazi wake Carmen. Akakhala anthu angapo, monga banja lonse, mchira umakhala "orum". Pali njira inanso yosandutsa dzina kukhala mfotokozi: kirkiana, bravoanus.

Pali kamsampha kamodzi. Mammillaria herrerae amaoneka ngati wa mkazi, koma akukumbukira bambo, Alfonso Herrera, katswiri wa zamoyo wa ku Mexico. Dzina lililonse lothera ndi "a" limangolandira "e", kaya mwini wake ndi mwamuna kaya mkazi. Michira ina si ya anthu n'komwe, ndi ya malo: mukaona milanjianus dziwani kuti ndi Mulanje, zombensis ndi Zomba, nyasica ndi nyanja yathu.

Dzina limabadwa chonchi

Wotola zomera akapeza chachilendo, amadula kagawo kokhala ndi maluwa kapena zipatso, n'kukapanikiza pakati pa manyuzipepala ndi matabwa mpaka kaume. Kakitasi ndi wovuta pamenepa chifukwa ndi wamadzi komanso safa msanga. Amachita kumung'amba, kukolopola mnofu wa mkati, apo ayi amaphukira m'manyuzipepala momwemo. Chouma chija chimamatidwa papepala lolimba, pamodzi ndi kapepala kosonyeza malo, tsiku, dzina la wotola ndi nambala yake. Kenako chimakasungidwa ku herbarium, imene ndi laibulale ya zomera zouma. Yathu ili ku Zomba. Yotchuka kwambiri ili ku Kew, mu London.

Kumeneko katswiri amachiyerekeza ndi zina zonse zofanana nacho. Akakhutira kuti sichinalembedwepo, amalemba chimene chikuchisiyanitsa ndi abale ake, amasankha dzina, n'kusindikiza poti ena angawerenge. Kuyambira 1935 mpaka 2011 kufotokozako kunkayenera kukhala m'Chilatini. Kuyambira pa 1 Januwale 2012 Chingerezi chinaloledwa, ndiponso kusindikiza pa intaneti. Ndipo kuyambira 1958 lamulo limafuna kuti wolembayo aloze chitsanzo chimodzi chosungidwa chimene dzinalo lamangidwapo. Chitsanzochi chili ngati mwala wa m'malire a munda. Pakabuka mkangano patatha zaka zana, anthu satsutsana pakamwa, amapita kukaona mwalawo. Malamulo onsewa ali m'buku limodzi limene limaunikidwanso pamsonkhano waukulu monga wa ku Madrid uja.

Apa pali mfundo imene ambiri saidziwa: wopeza chomera ndi wochitcha dzina nthawi zambiri amakhala anthu awiri osiyana. Lau sanadzitchulire laui. Mammillaria laui anatcha ndi David Hunt wa ku Kew mu 1979. Turbinicarpus laui anatcha Charles Glass ndi Robert Foster. Mwambi uja wakuti fumbi ndiwe mwini sugwira ntchito kuno. Kudzitchulira wekha chomera n'kochititsa manyazi pakati pa akatswiri, monganso kwathu munthu sauza mlongo wake kuti mwana akabadwa mumutche dzina langa. Amayembekeza kuti ena aone okha kuti ndi woyenera. Kwa ine kukoma kwa mwambowu kuli pamenepa: dzina lililonse lotere ndi mphatso imene wina anapereka kwa mnzake.

Amalandira mphatsoyi ndi ndani?

Oyamba ndi oyenda m'tchire ngati Lau, kapena Friedrich Ritter, Mjeremani wina amene anatha zaka zambiri ku Mexico ndi ku South America ndipo akukumbukiridwa mu Aztekium ritteri. Ena ndi eni chikwama. Kakitasi wamtali wamikono yokweza m'mwamba wa ku Arizona, uja amaoneka m'zithunzi zambiri za chipululu, ndi Carnegiea gigantea. Nathaniel Britton ndi Joseph Rose anamutcha choncho mu 1908 polemekeza mpondamatiki Andrew Carnegie, amene bungwe lake linkalipira kafukufuku wa zomera za m'chipululu. Echinocactus grusonii, wozungulira ngati dzungu laminga yagolide, akukumbukira Hermann Gruson, mwini mafakitale wa ku Magdeburg amene anasonkhanitsa kakitasi wochuluka zedi. Atamwalira mu 1895 zomera zake zinapatsidwa ku mzindawo, ndipo nyumba zagalasi zotchedwa dzina lake zilipobe.

Ena ndi achibale. Ritter ankatumiza njere kwa mlongo wake Hildegard Winter ku Germany, amene ankazigulitsa n'kumamuthandiza kupitiriza maulendo, ndipo iye anamuthokoza pomutchulira mfunda wathunthu. Enanso ndi akatswiri kupatsana ulemu. Helia Bravo Hollis, mayi amene analemba buku lalikulu la kakitasi wa ku Mexico mu 1937 ndipo anamwalira mu 2001 kutatsala masiku anayi kuti akwanitse zaka 100, anatcha mfunda wina Backebergia polemekeza Curt Backeberg wa ku Germany. Backeberg naye anabweza mbale ili ndi kanthu: anatcha wina Heliabravoa.

Kodi dzina lingafe?

Lingagone, koma kufa n'kovuta. Lamulo lalikulu ndi la pachigayo: wofika poyamba ndiye amagayitsa. Anthu awiri akatcha chomera chimodzi mayina osiyana, loyamba kusindikizidwa moyenera ndilo limagwira ntchito, linalo limatsala m'mabuku ngati dzina lapambali. Komanso mfunda umodzi sungaperekedwe kawiri. Ritter poyamba anatcha chomera cha mlongo wake chija Winteria, koma zinapezeka kuti dzinalo linali kale ndi mwini, ndiye anasintha kukhala Hildewintera. Pambuyo pake akatswiri ena anaona kuti chomeracho sichikusiyana mokwanira ndi a mfunda wa Cleistocactus, n'kuchisamutsira kumeneko. Mwamwayi anachitcha Cleistocactus winteri, ndipo mayiyo sanafufutike.

Heliabravoa sanachite mwayi wotero: analowetsedwa mu Polaskia. Mayina ambiri a Backeberg, amene analemba mabuku asanu ndi limodzi a kakitasi pakati pa 1958 ndi 1962, anagwa, ena chifukwa ankagawa mifunda pa kusiyana kochepa, ena chifukwa sanasunge chitsanzo chouma chija. Masiku ano kuyeza DNA, imene imasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse, kukusamutsa zomera zambiri. Koma chomera chikasamuka mfunda, liwu lachiwiri limasamuka nacho ngati kulibe chotsekereza, monga mkazi wokwatiwa kutali amapitira ndi dzina lake la kubadwa. Tacitus bellus wa Lau uja tsopano ambiri amamutcha Graptopetalum bellum. Choncho munthu wokumbukiridwa m'liwu lachiwiri amakhala pabwino kuposa wa mu mfunda.

Chimene sichinkaloledwa n'kuchotsa dzina chifukwa choti silikukoma, silikuyenera, kapena mwini wake anali munthu woipa. Apa ndi pamene pagona mkangano wa masiku ano.

Tikayang'ana mitengo ya kwathu

Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ndi Widdringtonia whytei. Whyte ndi Alexander Whyte, wa ku Scotland, amene ankagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Zomba ndipo anakwera phirilo mu 1891; dzinalo linasindikizidwa ku London mu 1894. Widdrington anali kaputeni wa asilikali apamadzi a Britain wokonda mitengo ya mtundu wa paini. Masuku amene timagula m'mabeseni m'mbali mwa msewu mvula ikayandikira ndi Uapaca kirkiana, kukumbukira John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone mu Zambezi ndi mu Shire kuyambira 1858. Livingstone mwini ali mu Garcinia livingstonei. Aloe buchananii ndi wa John Buchanan, amene anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1876 ngati wosamalira dimba. Mombo ndi Brachystegia boehmii, wa Mjeremani Richard Böhm. Ndipo nsangu, mtengo wodabwitsa uja umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kumeretsa chimanga chonenepa pansi pake, ndi Faidherbia albida. Louis Faidherbe anali msilikali komanso bwanamkubwa wa France ku Senegal, amene anakulitsa ulamuliro wa dziko lake kumeneko ndi nkhondo.

Mukawerenga mndandanda umenewu simungalephere kuona kuti akusowamo ndani. Whyte sanakwere Mulanje yekha. Analipo omulondolera njira, onyamula katundu, odziwa kumene mkungudza umamera chifukwa makolo awo ankaudziwa. Kirk asanabadwe, ana anali akutola kale masuku. Liwu loti "anapeza" m'mabuku a zomera limatanthauza chinthu chochepa: woyamba kufikitsa chitsanzo kwa olemba mayina. N'chimodzimodzi ku Mexico. Anthu a kumeneko ankadya, kuchizira ndi kupembedzera ndi kakitasi zaka zikwi zambiri asanafike aliyense wa ku Ulaya, ndipo anyamata amene ankakwera matanthwe ndi Lau anali ana a anthu omwewo.

Si kuti mayina a eni nthaka palibiretu. Tsanya ndi Colophospermum mopane, ndipo mopane ndi liwu la kum'mwera kwa Africa kuno. Heliabravoa uja atasamuka anakhala Polaskia chende, ndipo chende ndi mmene amamutchulira anthu a kumene amamera. Lamulo sililetsa liwu la chinenero chilichonse. Katswiri wa ku Zomba atapeza chomera chatsopano lero, ali ndi ufulu wonse wochitcha dzina la Chichewa, la Chiyao, kapena la mayi amene anamulozera.

Zimene anagwirizana ku Madrid, ndi zimene sanagwirizane

Mayina amene anasinthidwa ndi aja okhala ndi liwu loti caffra ndi ena ofanana nalo. Liwuli linachokera ku mawu achipongwe amene ankanyozera anthu akuda kum'mwera kwa Africa, makamaka ku South Africa. Akatswiri awiri ogwira ntchito m'dzikolo, Gideon Smith ndi Estrela Figueiredo, anapereka njira yosavuta: kuchotsa "c" ndi "f" mmodzi kuti patsale afra, kutanthauza cha ku Africa. Voti inatha 351 kwa 205. Nkhaniyi yafika mpaka pakhomo pathu, chifukwa mfula wa kuno unali ndi liwu limeneli m'dzina lake ndipo tsopano ndi Sclerocarya birrea subsp. afra (subsp. akutanthauza kagulu ka mkati mwa mtundu umodzi). Anagwirizananso kuti mayina atsopano, osindikizidwa kuyambira pa 1 Januwale 2026, akhoza kukanidwa ngati akunyoza gulu la anthu.

Koma mayina akale a anthu sanakhudzidwe. Chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi Hibbertia, zitsamba za maluwa achikasu za ku Australia, zotchulidwira George Hibbert, wamalonda wa ku London amene ankaikira kumbuyo malonda a akapolo. Dzinali lilipobe.

Ofuna kusintha amati dzina la sayansi ndi chiliza chimene aliyense amakakamizidwa kuchiwerenga. Wophunzira wa ku Senegal sangalembe za nsangu osatchula munthu amene anagonjetsa makolo ake. Ena mwa iwo amafika ponena kuti mwambo wotchulira anthu ungotheratu, zomera zizitchedwa potengera maonekedwe kapena malo. Otsutsa amati ntchito ya dzina n'kuloza chomera, osati kuweruza munthu. Dzina limodzi limakhala m'malamulo oteteza zachilengedwe, m'mabuku a mankhwala, m'makalata a malonda a mbewu ndi m'zolemba za zaka 270. Mukalisintha, wofufuza amasochera. Amafunsanso kuti adzaweruze ndani, potengera muyeso wa nthawi iti, ndipo adzalekera pati. Palinso gulu lachitatu, ambiri mwa iwo akatswiri a ku Africa, Asia ndi South America, limene limati kuthetsa mwambowu panopa n'kutseka chitseko pa nthawi imene iwo angoyamba kumene kulowa, pamene akufuna kulemekeza aphunzitsi awo ndi anthu a kwawo. Mbali zonse zitatu zili ndi mfundo zolemera, ndipo msonkhano wa ku Madrid unangoyankha kagawo kochepa.

Dzina limaitananso akuba

Kutcha chomera dzina kumachiteteza, chifukwa boma silingalembe m'malamulo chinthu chopanda dzina. Koma kumachiululanso. Kakitasi wosowa akangolengezedwa, osonkhanitsa ena amamufuna pa mtengo uliwonse. Aztekium hintonii, wotchulidwira George Hinton amene anamupeza pamaphompho a ku Nuevo León, analembedwa mu 1992, ndipo posakhalitsa okumba mozemba anali atafika kale. Vuto ndi lakuti zomera izi zimakula pang'onopang'ono kwambiri. Copiapoa wa ku Atacama, kumene mvula imatha zaka osagwa, amadalira nkhungu yochokera kunyanja, ndipo wamkulu ngati chibakera akhoza kukhala ndi zaka zambiri kuposa munthu womukumbayo. Mu 2020 apolisi a ku Italy anagwira kakitasi woposa 1,000 wozembetsedwa kuchokera ku Chile, ndipo 844 anabwezedwa kwawo chaka chotsatira.

Kafukufuku wa mu 2015 wa IUCN, bungwe la dziko lonse loona za kuteteza zachilengedwe, anapeza kuti mitundu 31 pa 100 iliyonse ya kakitasi ili pangozi yotha, ndipo malonda ozembetsa ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Grusonii wa golide uja ali m'minda ya maluwa padziko lonse, koma kwawo ku Mexico ndi wosowa, makamaka chifukwa damu la Zimapán linamiza gawo lalikulu la chigwa chake m'zaka za m'ma 1990. Pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo pakati pa maiko, linayamba kugwira ntchito mu 1975 ndipo limakhudza pafupifupi banja lonse la kakitasi. Mexico inalowamo mu 1991. Lau ndi anzake anayamba ntchito yawo zinthu zisanafike pamenepa, nthawi imene munthu ankatha kutumiza zomera ndi njere kunja popanda zikalata zambiri. Zambiri zimene zinkachitika poyera nthawi imeneyo lero zimafuna chilolezo cha boma. Akatswiri ena tsopano akalemba chomera chatsopano satchulanso malo enieni, amangotchula chigawo.

Pa timapepala ta m'miphika ya osonkhanitsa okhwima mumapezanso chinthu china patsogolo pa dzina: zilembo ndi nambala. FR ndi Friedrich Ritter, WR ndi Walter Rausch wa ku Austria, ndipo L kapena Lau ndi mmishonale wathu uja. Imeneyi ndi nambala imene wotola analemba m'kabuku kake tsiku limene anaima pamalopo. Dzina la chomera likhoza kusintha katatu, koma nambalayo siisintha, ndipo imaloza phiri kapena chigwa chimene njere zoyamba zinachokera. Olima osamala amabereketsa zomera za nambala imodzi zokhazokha, osasakaniza ndi za kwina, n'kumapatsana njere ndi nambala yake yomwe. Choncho munthu wofuna Mammillaria laui lero safunika kupita ku Tamaulipas ndi khasu. Amafesa njere zazing'ono ngati za bonongwe pamchenga wonyowa, n'kuvindikira ndi pulasitiki, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri pamatuluka timibulu tobiriwira tosaposa mutu wa singano, tidzukulu ta zomera zimene Lau anaziona pathanthwe m'zaka za m'ma 1970.